Nyali Yofiira ya Che Bwanali

Mwezi watha Joji anandiimbira foni ali ku Limbe. Akuti kanyali ka oyilo kayaka m'galimoto mwake, koma makaniko wamuuza kuti ndi sensa chabe, azingoyenda. Ndinamufunsa ngati makanikoyo anayeza mphamvu ya oyilo kapena anangoyang'ana boneti n'kulosera ngati sing'anga. Anaseka, ati adadi mwayambanso. Ee, ndayambanso, ndipo poti za pakamwa simuzisunga, ana inu, ndaganiza zolemba. Mutu uno ndi wa nyali imeneyo ndi munthu amene anandiphunzitsa kuilemekeza. Pakadapanda iyeyo, iwe Joji ukadabadwa bambo ako ali kumene anthu ambiri sankabwerako.

Zaka zoyamba za ufulu

Ntchito yanga yoyamba inali yokweza masamba a tiyi m'lole pa esiteti ina kufupi ndi Limbuli. Makolo anga, monga Alomwe ambiri, anachokera kutsidya kwa Muloza kudzathyola tiyi, ndipo inenso ndikadathera m'mizere ya tiyi momwemo mtima ukadapanda kukhala pa chiwongolero. Nditapeza laisensi ananditumiza kugalaja kuti akandione folomani, chifukwa pa esiteti ija ngakhale bwana manijala sankapatsa munthu makiyi folomani asanavomere.

Folomaniyo anali Che Bwanali, Myao wa ku Chinakanaka, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa moti umachita kuweramira kuti umve. Ovolosi yawo inali yakuda bii ngati ya wina aliyense, koma kofia yoyera ya kumutu sindinaione ndi dontho la oyilo, ndipo mpaka lero sindidziwa mmene ankachitira. Nthawi yopemphera ikakwana ankasamba m'manja ndi palafini, kenako sopo, n'kuyala katoni kuseri kwa mulu wa matayala. Ife Akhristu tinkangosiya tokha kumenya nyundo, popanda wotiuza. Injini ankaimvera ndi sikuludalaiva yaitali, nsonga pachitsulo, chigwiriro kukhutu, maso ali chitsinzinire. Akatsegula maso amakuuza chimene chikudwala, ndipo mukamasula mumakachipezadi.

Tsiku limenelo sanandiyese kubwerera m'mbuyo kapena kusintha magiya. Ananditengera kuseri kwa galaja, kumene tinkati kumanda chifukwa n'kumene kunkagona magalimoto akufa. Kunali injini ina yoboweka m'nthiti, ndipo anandiuza kuti ndipise chibakera m'bowomo. Chinalowa chonse. Anati mwini bowo limenelo anali dalaivala wabwino, koma nyali ya oyilo itayaka anafuna kuti angofika pamthunzi. Kenako anandikweza m'lole, n'kupotoza kiyi, n'kundilozera kanyali kofiira. Anati injini isanalire kayenera kuyaka, ikangolira kayenera kuzima.

"Kakayaka uli pamsewu, mwanangu, zimitsa pomwepo," anatero, pondiitana mwana wawo m'Chiyao. "Usafike pamthunzi, usafike pasitolo. Usailizenso mpaka ine nditafika. Wokufunsa umuuze kuti lamulo ndi la Bwanali."

Dalaivala aliyense wa pa esiteti ija anapisapo dzanja m'bowo limene lija. Tinkaseka tikamaona watsopano akutengedwa kumanda, koma lamulolo tinkalisunga.

Zaka za kusowa

Nkhondo itavuta ku Mozambiki, katundu wa kudoko anasiya kubwera bwino. Dizilo ankachita kutiyezera, matayala tinkawayendetsa mpaka nsalu kuonekera, ndipo kusitolo ya zitsulo yankho linali limodzi, lakuti zikubwera. Apa m'pamene ndinadziwa kuti Che Bwanali sanali munthu wamba. Manda aja anasanduka sitolo yawo. Ankakumbukira bawuti iliyonse imene inagona kumeneko, ankadula magasiketi otsekera oyilo kuti asadonthe pa zikuto za mafayilo akale a ku ofesi, ndipo chitsulo cha thirakitala ankachisula mpaka chivomere kukhala m'lole. Maesiteti ena masamba ankawolera m'minda posowa chonyamulira, koma athu ankafika kufakitale adakali obiriwira. Iwo sankanyada nazo. Ankati chitsulo chakale chimagwira ntchito koma sichilonjeza kanthu, ndiye tizikhala tcheru.

Masiku amenewo panalinso ntchito ina imene sinkalembedwa pa ndandanda wa esiteti. Mkulu wa dziko akamabwera kudzayendera mbewu, chipani chinkatenga malole a maesiteti kuti anyamule amayi okavina. Panalibe manijala wokana, ngakhale mzungu. Panalibenso mayi wotsala, kaya akuyamwitsa kaya ndi woyembekezera. Inu obadwa m'nthawi ya zipani zambiri simungamvetse, koma kuchedwetsa amayi ovina sikunali kulakwa kwa pantchito ayi. Kunali kuukira, ndipo woukira sankazengedwa mlandu, ankangotengedwa.

Dzinja la chaka chimene Joji anabadwa

Tsiku lina lotere ine ndinapatsidwa amayi a m'malayini a esiteti yathu kuti ndikawatule ku boma. Mayi anu anali m'gulumo, mimba ya Joji itakula kale. Tcheyamani wa chipani wa dera lathu, a Chikopa, anatsogola m'mamawa kukatisungira malo. Munthu ameneyu anali telala pa msika wa Limbuli ndipo tinkapemphera mpingo umodzi; sanali chilombo, koma ankaopa amene anali pamwamba pake monga mmene ife tinkamuopera iye. Mvula inali ikuwaza, choncho ng'oma anaziika kutsogolo, pampando wa pambali panga, kuti zikopa zisanyowe. Ndiye kuti m'kati mwa lole ndinali ndekha ndi ng'oma. Amayi ndi anyamata a chipani a malaya ofiira anadzaza kumbuyo, lole mpaka kukhala pansi.

Titawoloka mlatho wa Ruo n'kuyamba chitunda, ndinatsitsa giya, ndipo kanyali kanaphethira. Ndinati mwina maso. Kanaphethiranso, kenako kanayaka n'kukhazikika. Kumbuyo nyimbo inali itakolera, kutsogolo kunali a Chikopa ndi akuluakulu awo, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe chimene kuima kunkatanthauza. Ndinkadziwanso chimene injini imachita ikauma pachitunda itasenza anthu. Dzanja limene ndinapisa m'bowo lija linapita lokha pakiyi. Ndinakhotera pambali n'kuzimitsa.

Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndipo oyilo anali wokwana. Pansi panalibe chodontha. Anyamata aja ataona zimenezo anati ndiye liza tizipita. Ndinawauza kuti oyilo akhoza kukhalamo koma osayenda, ngati pampu yafa, ndipo sindingalize folomani asanafike. Anandiwomba makofi mayi anu akuona, koma kiyi sindinapotoze. Amayi anatsika n'kuuyamba wapansi mumvula, nsalu za chipani zitamatirira m'thupi. Pamene ankafika ku boma n'kuti mdipiti wa magalimoto utadutsa kale, malo a dera lathu ali mbee.

Madzulo anyamata anabwera ndi dalaivala wina. Injini inali itazizira, kumbuyo kulibe munthu. Anangopotoza kiyi, kanyali kanazima bwinobwino, ndipo loleyo inakafika ku boma ikuimba, ine ndili kumbuyo manja atamangidwa ndi luzi. Ananditsekera m'kachipinda kuseri kwa ofesi ya chipani, ndipo a Chikopa anandiuza pakhomo, osandiyang'ana kumaso, kuti mawa lake nditumizidwa kwa eni ake.

Mawa lake

Che Bwanali anafika dzuwa litangotuluka, pa njinga, bokosi la zipangizo atalimanga kumbuyo. Zimene anakambirana ndi a Chikopa ndinazimvera pa zenera. Sanapemphe chifundo. Anati lole ndi ya m'manja mwawo, ndiye asananditumize awalole aione. Ngati dalaivala wanama, iwonso sakumufuna. A Chikopa anavomera, mwina poganiza kuti mawu a folomani alimbitsa mlandu.

Ananditulutsa kuti ndizionerera. Che Bwanali anayeza oyilo, anamununkhiza, anamutikita pakati pa zala kufuna tizitsulo, osapeza kanthu. Analiza injini n'kuimvera ndi sikuludalaiva yawo, kutsogolo mpaka kumbuyo. Anatsata waya wa nyali ndi zala kuti aone ngati wasupuka pena pake n'kumakhudza chitsulo, koma unali wabwino. Kenako anamasula swichi ya oyilo, imene inu masiku ano mukuti sensa. Ndi kachitsulo kaching'ono ngati chala chachikulu, kopanidwa m'nthiti mwa injini, ndipo ntchito yake ndi kumva kukankha kwa oyilo n'kuyatsa nyali kukankhako kukatha. Pamalo pake anamangapo geji ya muvi, yoyezera mphamvu ya oyilo. Muvi unakwera n'kuima pabwino. Chilichonse chimene ankapeza chinali kundimangirira ine.

Ataweramira pafupi nane ndinawanong'oneza kuti angonena kuti pampu ikufooka, poti panalibe wina wodziwa kuwerenga gejiyo. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kutembenukira kwa a Chikopa n'kunena mokweza kuti injini ilibe vuto lililonse. Nthawi imeneyo ndinawada. Ndinati mumtima, mdala uyu chilungamo chake chindiphetsa.

Koma sanatseke boneti. Anayamba kundifunsa mofatsa, ngati tili tokha kugalaja: kanyali kanayakira pati, injini inali itatentha bwanji, ndinali m'giya yanji, kanayamba ndi kuphethira kapena kanangoyaka, ndinamva kugogoda kapena ayi. Nditayankha anayang'anitsitsa swichi ija ili m'manja, akuitembenuza. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, koma sindinadziwe chifukwa chake. Anauza a Chikopa kuti lole yozizira, yopanda katundu, yoima pabwalo, si lole imene inaima dzulo. Kuti chilungamo chioneke pafunika msewu womwewo, dalaivala yemweyo ndi kulemera komweko. A Chikopa anati alibe matumba oti akweze, feteleza yemwe akusowa dziko lonse.

Mayi anu anali atakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, pamodzi ndi amayi ena amene anagona ku boma atalephera kubwerera. Anaimirira movutikira, dzanja lili m'chiuno.

"Katundu wake ndife, bambo tcheyamani," anatero. "Tilipo."

Mukamawaona agogo anu aakazi, adzukulu inu, akukalipira nkhuku pakhonde, muzidziwa kuti anayankhapo tcheyamani wa chipani pamaso pa anyamata a malaya ofiira.

Che Bwanali anatulutsa kachitsulo ka nthambi ziwiri kamene anasula okha, n'kumangira swichi kunthambi ina, geji kunthambi inayo, kuti ziwirizo zizimva oyilo mmodzi nthawi imodzi. Kapaipi ka geji anakalowetsa pa zenera, ndipo gejiyo anawapatsa a Chikopa kuti aigwire okha pamiyendo. Anawaonetsa pamene muvi uyenera kukhala, n'kuwauza kuti iwo ndiwo akhale maso a tonse. Amayi anakwera kumbuyo, ife tinakhala atatu kutsogolo, ine pachiwongolero, a Chikopa pakati. Tinabwerera mpaka kupitirira mlatho wa Ruo, n'kutembenuka, n'kukwera chitunda chija. Kanyali sikanayake. Malaya anga ananyowa ngati ndagwa mumtsinje. A Chikopa anati basi taona, koma Che Bwanali anati dzulo lole inachokera ku Limbuli injini itatentha kale, ndiye tikayambire komweko. Amayi kumbuyo sankaimba. Ndinkangomva matabwa akulira.

Ulendo wachiwiriwo, titangowoloka mlatho, ndinatsitsa giya pamalo pomwe paja. Kanaphethira. Kanaphethiranso n'kuyaka, kofiira piriwiri, ndipo sindinaonepo chinthu chokongola chotero m'moyo wanga.

"A tcheyamani, muvi uli pati?" anafunsa Che Bwanali.

"Uli pomwe paja. Sunasunthe."

Ndinaima, ndipo ulendo uno Che Bwanali anandiuza kuti ndisazimitse. Tinatsika tonse. Anazula waya pamutu pa swichi, nyali inazima, anaubwezera, inayaka. Anapukuta mutu wa swichiyo ndi nsanza, ndipo tikuyang'ana oyilo anayamba kutuluka thukuta pamene waya amalowera, pamalo poyenera kukhala pouma. Anafotokoza kuti m'kati mwake muli kachikopa kopyapyala, kamene katha. Kakazizira kamagwira, kakatentha kamalefuka n'kuyatsa nyali oyilo akuyenda bwinobwino. Anati zili ngati mlonda wokalamba wokuwa kuti wakuba pamene kulibe. Amayi atamva kuti nyali yayaka, nthungululu inabuka pamsewu ponse.

A Chikopa sanasangalale nawo, ndipo ndinawamvetsa. Akuluakulu ku boma sankadikira kachitsulo, ankadikira munthu. Anati ngati injini inali bwino, ndiye kuti dalaivala akadatha kupitirira. Che Bwanali anayankha kuti dalaivala ali pampando sangasiyanitse nyali yonama ndi yoona, ndipo amene anamuletsa kupitirira ndi iwowo. Pamenepo a Chikopa anafunsa amene anaika chinthu chonamacho m'lole yonyamula amayi a chipani. M'pamene ndinazindikira chimene chinasintha nkhope ija ku boma: swichiyo anali ataizindikira kalekale. Akadatha kunena kuti inabwera ndi lole kuchokera kwa azungu, ndipo palibe akadatsutsa.

"Ndinaika ndine," anatero. "Yake itafa, yatsopano kunalibe. Ndinaichotsa pa thirakitala yakufa. Ndinaiyesa yozizira, sindinaiyese yotentha. Mnyamatayu wachita zimene ndinamuphunzitsa. Lamulo ndi langa, chitsulo n'changa."

A chipani anawatengera Che Bwanali pomwepo. Asanakwere anandipatsa bokosi la zipangizo, n'kundiuza kuti geji ndiisiye pomwepo mpaka swichi ina itapezeka, ndipo njinga yawo ndikaitule ku Chinakanaka. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa amayi onse aja, ndipo sindichita nazo manyazi.

Miyezi yotsatira

Kugalaja kunabwera folomani wina, munthu wodziwa ntchito ndithu koma wamantha, ndipo sindimuweruza. Madalaivala anzanga anaphunzira phunziro lawolawo pa nkhaniyi: mmodzi ndi mmodzi anayamba kuzula mababu a nyali ya oyilo, ati chimene sunaone sungamangidwe nacho. Folomani watsopano anayang'ana kumbali. Chisanathe chaka injini ziwiri zinapita kumanda, ina ili ndi bowo loposa lija.

Inenso folomaniyo anandiuza kuti ndizule, ndichotse ndi geji yomwe chifukwa ikukumbutsa anthu zinthu zosafunika. Ndinakana. Anandichotsa pa maulendo a ku Limbe, amene anali ndi kangachepe, n'kundiika konyamula nkhuni za fakitale, ndipo mayi anu sanadandaule ngakhale tsiku limodzi. Lamlungu lina ndinapalasa njinga kuwoloka Muloza kupita ku Milanje, kumene msuweni wanga ankadziwa makaniko wina amene Apwitikizi anamusiyira zitsulo pothawa. Sinali nthawi yabwino yowolokera, koma ndinabwera nayo swichi yatsopano, ili m'pepala lake, nditaibisa m'thumba la chinangwa. Ndinaiyesa yozizira, ndinaiyesanso yotentha, pa chitunda chomwe chija.

Che Bwanali anatuluka nthawi ya chiperoni, Joji akukwawa kale pamphasa. Za kumene anali sananenepo, ndipo ife sitinafunse. Ntchito sanawabwezere. Ndinamva kuti afika, ndipo tsiku lomwelo, pochokera kokatula nkhuni, ndinakhotetsa lole kupita ku Chinakanaka popanda chilolezo cha munthu. Ndinawapeza atakhala pakhonde atafunda bulangete, ataonda moti kofia inkawakulira, mano akutsogolo kulibe. Ndinagwada n'kugwira dzanja lawo ndi manja awiri, ndipo iwo anayang'ana kupyola phewa langa, kumene ndinaimika lole.

"Ndamva kuti anzako anazula mababu," anatero. "Nanga iwe?"

Ndinawagwira mkono mpaka kumsewu, ndipo ndinachita kuwanyamula kuti akwere. Ndinawapatsa kiyi. Anapotoza pang'ono, kanyali kanayaka. Anapotozanso, injini inalira, kanyali kanazima. Anakhala akumvetsera, maso ali chitsinzinire, dzanja lili pa dashibodi. Kenako anatsegula maso n'kunena kuti lamba wa fani walefuka, ndikamukoke ndisanabwerere.

Ndinamukoka pomwepo, ndi sipanala yawo, iwo akundiyang'anira.

Ndayendetsa malole mpaka tsitsi kuyera, ndipo sindinaphepo injini. Nyali yandinamizapo kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinaima kaye, chifukwa kuti ndi sensa chabe amanena ndi munthu amene wamanga geji n'kuona muvi, osati amene ali ndi changu. Ndiye iwe Joji, usandiuze kuti adadi mwayambanso. Ufulu woimika galimoto nyali ikayaka, popanda wokumenya khofi, pali munthu anaulipira ndi mano ake. Imika, kayezetse.